Mwana akati afuna criminology, funsani musanamasule mfundo ya chitenge



Chaka chilichonse, ma results a Grade 12 akangotuluka, ana amayamba kubwela pa stand na mapepala a makoleji na mayunivesiti. Kale tinali kumva za uphunzitsi, unesi na accounts. Masiku ano pali dzina lina limene lamveka maningi pakamwa pa achinyamata: criminology. Mwana akalitchula, makolo ena amaseka, ati "manje ufuna kukaphunzila ukawalala?" Ena amakondwela msanga, poganiza kuti pakapita zaka zinayi m'nyumba mudzakhala bwana wa polisi kapena loya. Onse awili aphonya. Ndipo popeza ndalama ya fizi idzachoka pa tomato, pa kapenta, pa salaula na mu chilimba chanu, muyenela kudziwa chimene mugula.

Maganizo anga ni awa. Maphunzilo amenewa ni ofunika, ndipo anthu a pamsika ndiwo awafuna kuposa wina aliyense. Koma pepala la criminology palokha silipatsa munthu nchito. Mwana amene alowa alibe pulani adzatuluka na gown na zithunzi zabwino, kenako n'kubwelela pa stand kudzakuthandizani kuunjika tomato. Safunsa anadya phula. Tiyeni tifunse tisanalipile.

KODI CRIMINOLOGY NI CHANI?

Si zija za m'mafilimu, kumene munthu wovala magalasi akuda apeza wakupha mu mphindi 45. Criminology ni maphunzilo ofufuza chifukwa chake milandu imachitika, kumene imachitikila, amene amavutika nayo, na njila zimene zimaichepetsadi. Wophunzila amawelenga malamulo a milandu, kaganizidwe ka munthu, kakhalidwe ka anthu m'makomboni, kagwilidwe ka nchito ka polisi, makhoti na ndende, ndiponso masamu owelengela milandu.

Lekani nikupatseni zitsanzo, muone ngati sizikamba za inu.

Mu 1979, akatswili awili a ku America, Lawrence Cohen na Marcus Felson, anafotokoza kuti kuba kumachitika zinthu zitatu zikakumana pamalo amodzi: munthu wofuna kuba, chinthu chosavuta kutenga, na kusowa kwa womuona kapena womuletsa. Ganizilani amai amene amafika ku Soweto 04:00 kudzaoda ndiwo zamasamba. Ndalama ya oda ili m'chitenge, njila ilibe magetsi, ndipo ayenda okha. Zitatu zija zakumana. Mtima wa kawalala simungausinthe usiku umodzi, koma ziwili zinazo zili m'manja mwa anthu: nyale pa njila, kuyenda m'gulu, mlonda woikidwa pa malo oyenela pa ola loyenela, ndalama kukhala mu foni m'malo mwa m'chitenge.

Mu 1989, Lawrence Sherman na anzake anatulutsa zimene anapeza atawelenga mafoni amene anthu anaimbila apolisi mu mzinda wa Minneapolis kwa chaka chathunthu. Pafupi-fupi hafu ya mafoni onse inachokela pa malo 3 chabe pa malo 100 alionse. Inu izi mudziwa kale popanda buku. Mudziwa kona imene mafoni amakwatulidwa, mudziwa geti imene simupitapo kukada. Chimene chisoweka ni munthu wa mu ofesi amene angalembe zimenezi mwadongosolo, n'kutumiza apolisi pa kona ija pa nthawi ija, m'malo mozungulila tauni yonse na galimoto imodzi ilibe mafuta okwanila.

Kale kwambili, mu 1764, Cesare Beccaria wa ku Italy analemba kuti chimene chimaopsa wakuba si kukula kwa chilango, koma kudziwa kuti adzagwidwa ndithu ndipo mlandu wake udzaweluzidwa msanga. Pakapita zaka zonsezi, mfundo iyi ikali yoona. Kawalala wa pamsika saopa zaka zimene zinalembedwa m'buku la malamulo. Amawelengela kuti inu simudzatseka stand masiku atatu kuti muzikhala pa benchi ku polisi na ku khoti, ndiye mlandu udzafa wokha.

NKHOPE YA KAWALALA KULIBE

Maphunzilo amenewa analakwitsapo, ndipo kulakwitsa kwake kuli na phunzilo kwa ife. Mu 1876, dokotala wina wa ku Italy, Cesare Lombroso, anati chigawenga chimabadwa chili chigawenga, ndipo ungachidziwe poona mutu, nsagwada na makutu. Anayeza mitu ya akaidi ambili. Pambuyo pake ofufuza ena anayelekezela akaidi na anthu wamba, n'kupeza kuti zimenezo zilibe maziko. Lelo ophunzila amamuwelenga kuti adziwe mmene munthu wophunzila angasokelele.

Koma Lombroso akali moyo pamsika pathu. Wina akangokuwa kuti "kawalala!", maso onse amapita kwa mnyamata wa wilibala wovala nsanza, olo sanagwile kanthu. Mukumbukila kuchiyambi kwa 2020, nthawi ya gassing imene inayambila ku Chingola n'kufalikila dziko lonse. Mantha analipo, palibe angakane. Koma magulu a anthu okwiya anapha anthu ambili pongowaganizila, ena ali paulendo wawo chabe, ndipo ma police post ena anatenthedwa. Wakufa sangafunsidwe mafunso. Ngati anali wolakwa, amene anam'tuma anapulumuka. Ngati anali wosalakwa, banja lina linalila mwana popanda chifukwa. Dziko limene lilibe ofufuza odalilika limafika pamenepo: anthu amaleka kukhulupilila docket, amayamba kukhulupilila mwala na tayala.

Palinso mfundo ina. Mu 1939, Edwin Sutherland anauza akatswili anzake kuti aleke kuyang'ana osauka okha-okha, chifukwa pali milandu ya anthu olemekezeka imene amaichita ali pa desiki. Anaitcha white-collar crime, ife tingati ukawalala wa suti. Amene akubelani foni wakubelani kamodzi. Amene adya ndalama ya mankhwala a ku kiliniki, kapena ya ngalande ya pamsika, amakubelani tsiku lililonse mvula ikagwa na mwana akadwala. Kugwila kawalala wa mtundu uwu sikufuna liwilo. Kufuna munthu wodziwa kuwelenga ma receipt, ma tender na ma statement a ku banki.

CHIFUKWA CHAKE MSIKA UFUNA ANA AKE M'NCHITO IZI

Mu July 2017, City Market ya mu Lusaka inapsa, katundu wa anthu ambili n'kusanduka phulusa m'mawa umodzi. Funso la aliyense linali lakuti: moto wayamba bwanji, wayambila pati? Funso lotele siliyankhidwa na mphekesela kapena na wandale pa maikolofoni. Limayankhidwa na munthu wophunzila kuteteza malo a ngozi, kutola umboni osauononga, na kuufikitsa ku khoti uli wathunthu. Mu 2020 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo la National Forensic Act lokhudza nchito zotele. Lamulo lilipo. Lifunika anthu.

Onani ndende zathu. Mu 2016 malamulo aakulu a dziko anasintha dzina kuchoka ku Prisons Service kukhala Zambia Correctional Service, kutanthauza kuti cholinga ni kuwongola munthu, osati kum'tsekela chabe. Koma akaidi m'dziko muno apitilila kawili chiwelengelo chimene ndendezo zinamangilidwa, ndipo ambili mwa iwo akali kuyembekezela kuti milandu yawo ithe. Mnyamata woba nkhuku akagona miyezi pa simenti imodzi na akatswili othyola nyumba ku Chimbokaila, mukuganiza adzatuluka ataphunzila chani? Ndipo akatuluka sapita ku Kabulonga. Amabwela pamsika, kumene kuli anthu na ndalama za m'manja. Kusintha dzina pa geti ni kosavuta. Kuwongola munthu kufuna alangizi, aphunzitsi a maluso, na omutsatila akatuluka.

Onaninso ana amene timawatcha ma junkies. Ambili si alendo, ni ana a m'makomboni mwathu, ena ni a anzathu a pa stand yoyandikana. Apolisi akawasesa lelo, pakapita masabata ochepa abwelela, chifukwa chimene chinawatulutsa m'nyumba chikali pomwepo: mankhwala osokoneza bongo, kusiya sukulu, njala, nkhanza za pakhomo. Mu 2022 malamulo anakweza msinkhu umene mwana angaimbidwe mlandu kuchoka pa zaka 8 kufika pa 12, ndipo lamulo la Children's Code la chaka chomwecho limalola kuti ana ena olakwa athandizidwe popanda kuwapititsa m'njila yonse ya khoti. Kuti zimenezi zigwile nchito pafunika maofesala a social welfare okwanila, na anthu odziwa nchito ku Katombora na ku Nakambala kumene amasungila ana olakwa. Mwana wokulila pamsika, amene adziwa chinenelo cha mu komboni na njila zake, akaphunzila bwino angaigwile nchito iyi kuposa munthu amene komboni amaionela pa windo la galimoto.

ZIMENE OTSATSA MASUKULU SAKUUZANI

Chikome-kome cha mkuyu, mkati muli nyelele. Pepala lotsatsa limaonetsa mtsikana womwetulila atanyamula mafaelo. Silikamba izi.

Choyamba, digili ya criminology si yunifomu. Wofuna upolisi ayenela kuyembekezela kuti Zambia Police Service ilengeze kuti ilemba anthu, apikisane na khamu la anzake, ndipo akasankhidwa apite ku training ku Lilayi, Kamfinsa kapena Sondela. Digili ingamuthandize kulowela pa khomo la ma cadet officer ngati malo otele alengezedwa, koma thukuta la pa ground silithawika.

Chachiwili, criminology si uloya. Wofuna kuimila anthu m'khoti afunika digili ya malamulo, pambuyo pake ZIALE, kumene mayeso ake amagwetsa anthu ambili. Mwana akakuuzani kuti "nikatsiliza criminology nizakhala loya", khalani naye pansi lelo lomwe, chifukwa wakwela basi ya njila ina.

Chachitatu, makomo alipo koma ni opapatiza. Kuli Drug Enforcement Commission, imene imafufuzanso za kubisa ndalama zopezeka mwachinyengo. Kuli Anti-Corruption Commission, Financial Intelligence Centre, Immigration, Correctional Service, Human Rights Commission, na Victim Support Unit ya ku polisi imene imathandiza amai na ana ochitilidwa nkhanza. Kunja kwa boma kuli mabanki, makampani a inshuwalansi, migodi, makampani a mafoni na a ulonda, onse amafuna anthu oletsa chinyengo na kuba kwa mkati. Koma palibe pa malo onsewa pamene amalemba anthu mazana chaka chilichonse, ndipo pa mzele pamakhalanso a digili ya malamulo, accounts na makompyuta.

MUSANALIPILE, CHITANI IZI

Funsani ngati sukuluyo inalembetsedwa ku Higher Education Authority, ndiponso ngati kosi yeniyeniyo inavomelezedwa. Izi ni zinthu ziwili zosiyana. Sukulu ingakhale yolembetsedwa koma kosi ina mkati mwake ayi. Ngati ni sukulu ya kunja yophunzitsa pa intaneti, funsani ku ZAQA ngati pepala lake lidzazindikilidwa kuno. Mumathyola ka nsomba kouma kuti muone ngati kalibe fumbwe musanagule thumba lonse. Chitani chimodzi-modzi na sukulu.

Funsani a pasukulupo kuti ophunzila awo amapita kuti pa attachment, ndipo amene anatsiliza zaka ziwili zapitazo ali kuti lelo. Akayamba kuzungulila, mwamva kale yankho.

Uzani mwana aphatikize criminology na luso lina logwilika. Wokonda masamu atenge accounts, kuti adzathe kulondola ndalama. Wokonda makompyuta aphunzile za chitetezo cha pa intaneti, chifukwa aja otumiza mauthenga akuti "tumizani ndalama ija pa nambala iyi" achuluka kuposa othyola maloko. Wofuna za forensic adziwe kuti kumeneko kufunika chemistry na biology, osati criminology yokha. Wa mtima wofatsa na ana aonjezele social work kapena counselling. Ndipo onse aphunzile kulemba lipoti lomveka, chifukwa milandu yambili imafela pa statement yolembedwa mwaulesi. Amene akamba Chinyanja, Chibemba na Chitonga asazione ngati za pamsika chabe. Mboni imamasuka m'chinenelo chake.

Ganizilaninso njila ina: kulowa nchito na Grade 12 poyamba, ku polisi, ku Correctional Service kapena ku kampani ya ulonda, n'kumaphunzila digili pang'ono-pang'ono mwa distance, uku alandila malipilo. Imatenga nthawi, koma siimwetsa mpamba wanu, ndipo munthu amaphunzila zinthu zimene aziona kale na maso.

Pa za ndalama, loan ya HELSB ni nkhongole, si mphatso, idzabwezedwa. Bursary ya CDF imathandiza a boarding ku sekondale na a makosi a maluso, choncho musaiwelengele pa digili musanafunse ku ofesi ya khansala wanu. Ndipo chonde, kaloba wa fizi ayi. Fizi imabwela semesita iliyonse, kaloba amabala mwezi uliwonse, ndipo stand ikagwa sukulu nayo yagwa.

Wina akakuimbilani kuti ali na "malo" ku recruitment, mungotumizako kangachepe, dziwani kuti mukamba na kawalala. Olo atakhala wa mkati zoona, mwana amene walowa nchito ya chilungamo na nchekelako wayamba kale na nkhongole, ndipo adzaibweza potapa m'matumba a anthu ngati inu pa roadblock. M'mela ni poyamba.

Kwa inu anzanga achinyamata, ine ndine mnzanu, nikamba mosabisa. Nchito zonsezi zimafuna fingerprint na police clearance. Mlandu umodzi wa ndeu pa bala, kapena wa mwala umene munaponya chifukwa wandale wakugulilani chibuku na T-shirt, ungatseke khomo limene amai anu alivutikila zaka zinayi. Izi nikamba za chipani chilichonse, na chathu chomwe. Wokutumani adzagona kunyumba kwake. Zala zimene zidzadindidwa pa pepala ni zanu.

"NANGA M'DZIKO LA MA CONNECTION?"

Nidziwa ena muti: mwana iwe, zonsezi ni zabwino, koma kuno nchito amapatsana pa chibale, ndipo mwana wanga wabwino akalowa kumeneko adzaonongeka. Mantha amenewa si opanda pake. Ambili a inu munauzidwapo kuti mugule mafuta a galimoto kuti wokubelani akagwidwe, kapena kuti mulipile police bond, chikhalilecho police bond ni yaulele. Koma tikati ana oleledwa bwino asalowemo, mipando ija siikhala yopanda anthu. Adzakhalapo ena, ndipo inu mudzawapeza pa kauntala tsiku limene mwabeledwa. M'mabungwe amenewa muli kale amuna na akazi oona mtima amene agwila nchito movutika, alibe galimoto, alibe pepala lolembapo. Afunika anzawo owonjezela, osati kuwasiya okha.

Ndipo olo mwana asalembedwe na boma, nzelu zija sizitayika. Komiti ya msika imene ili na munthu wodziwa kulemba buku la milandu yonse yochitika, tsiku, ola na malo, imapita kwa officer in charge na kwa a council itanyamula umboni, osati madandaulo chabe. Munthu wa umboni ni wovuta kum'bweza pa geti.

ZIMENE TIYENELA KUFUNSA KWA OLAMULILA

Makolo akachita mbali yawo, boma nalo lichite yake. Malo a nchito ku polisi, ku DEC, ku ACC na ku Correctional Service azilengezedwa poyela, zofunika zake zilembedwe momveka, ndipo maina a osankhidwa atuluke m'njila imene aliyense angaitsatile. Mabungwe amenewa atsegule makomo a attachment kwa ophunzila, kuti mwana wa ku Kanyama asafunike amalume a mu ofesi kuti aone mkati mwa nchito. Ziwelengelo za milandu zizitulutsidwa dela na dela, kuti ophunzila afufuze za Chawama na Chipulukusu, asamangoloweza za Minneapolis. Masukulu ogulitsa mapepala osavomelezeka atsekedwe asanadye ndalama za anthu, osati pambuyo pake. Ndipo levy imene mumalipila tsiku na tsiku ioneke pa nyale, pa mageti na pa alonda. Aliyense wobwela pamsika kudzapempha voti, wa chipani chilichonse, m'funseni zimenezi, ndipo musamulole ayankhe na chitenge.

Choncho mwana akabwela na pepala lija madzulo ano, musamuseke ndipo musathamangile kumasula mfundo. M'funseni mafunso atatu: sukulu iyi ni yovomelezeka? Ufuna kudzagogoda pa khomo liti? Luso lako lachiwili ni chani? Akayankha zomveka, m'thandizeni na mtima wonse, chifukwa dziko lino lifunika ofufuza amene adziwa mtengo wa mulu umodzi wa tomato na ululu wa kubeledwa mpamba. Akalephela kuyankha, m'patseni sabata akafufuze. Ngati afunadi kukhala wofufuza, iyi ndiyo docket yake yoyamba.

Wakutsina khutu ni mnansi. Uzaniko anzanu a pa stand amene alibe mabando, mugulitse bwino.


Mlembi wa achinyamata